Phungu Wosajomba: William Proxmire wa ku Senate ya Amereka

Nyumba ya Malamulo ya dziko la Amereka iri ndi zipinda ziwiri. Cipinda capamwamba cimachedwa Senate, ndipo cigawo ciri conse ca dzikolo cimatumizako aphungu awiri, onse pamodzi nakwana 100. Ikafika nthawi yogamula nkhani yaikuru, mlembi amaitana maina mmodzimmodzi, ndipo phungu ali yense amayankha ngati wabvomera kapena wakana. Mayankhowo amalembedwa m'buku, kotero kuti ngakhale munthu wamba angathe kuona mbali imene phungu wace anaima pa mlandu uli wonse.

William Proxmire anaimira cigawo ca Wisconsin kuyambira 1957 kufikira 1989. Kucokera mu April 1966 mpaka mu October 1988 maina anaitanidwa nthawi zokwana 10,252, ndipo iye sanasowepo ngakhale kamodzi.

Koma kufika pa msonkhano kokha sindiko nchito yonse ya phungu ai. Mu 1948 bungwe la United Nations linalemba pangano loletsa kupulula mtundu wathunthu wa anthu, monga m'mene a Nazi anaphera Ayuda. Mu 1949 Pulezidenti Truman analipereka ku Senate, pakuti ku Amereka pangano la maiko silimanga dziko kufikira magawo awiri mwa atatu a aphungu a m'cipindaco atalibvomereza. Ena anakana, poopa kuti nzika zao zingaweruzidwe ndi mabwalo a kunja. Tsono panganolo linangogona zaka zambiri.

Mu January 1967 Proxmire analonjeza kuti adzalankhula za panganolo tsiku liri lonse limene Senate idzakhala pansi, kufikira litabvomerezedwa. Anasunga mau ace zaka 19, nalankhula nthawi zokwana 3,211. Mu February 1986 aphungu 83 anabvomera, 11 nakana, ngakhale kuti anaikapo mfundo zina zocepetsa mphamvu yace. Mu 1988 Pulezidenti Reagan anasaina lamulo lolanga ocita mlanduwo, ndipo lamulolo limadziwika ndi dzina la Proxmire. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Cifukwa cace wofuna kuyesa phungu ayenera kufunsa zinthu ziwiri. Coyamba, kodi analipo pamene dzina lace linaitanidwa? Caciwiri, kodi liu lace analigwiritsa nchito yanji? Buku la mayankho limaulula zonsezi, pakuti phungu angaiwale zimene analonjeza, koma zolembedwa zimakhalapobe.