MAKANEMA A KUTHA KWA DZIKO

Usiku wina wa Loweruka, titabwerako ku kanema amene anationetsa m'holo, munabuka mtsutso waukuru m'cipinda cathu cogona. Kanemayo anali wa kutha kwa dziko: nyumba kugwa, anthu kuthawa, akufa kudzuka ndi kumayenda m'miseu. Mnzanga wina anati zonsezo nzacabe, zongoopsezera ana. Wina anangofunda bulangete kumutu osanena kanthu, ndipo m'mawa mwace analumbira kuti iye anali kumva cisanu cabe. Ine ndinalibe yankho usiku umenewo, koma funso linandikhala mumtima: kodi ncifukwa ninji anthu akuruakuru, anzeru zao, amataya ndarama zambiri kupanga zithunzi za dziko likutha? Ndakhala ndikufufuza nkhaniyi, ndipo zimene ndapeza ndifuna kukuuzani, anzanga ndi aphunzitsi athu.

Ndapeza kuti kanema wotere sangobwera yekha. Kumbuyo kwace kumakhala cinthu ceniceni cimene anthu a zaka zimenezo anali kuciopa. Tiyambe ndi cilombo cija ambiri timacidziwa ndi dzina loti Godzilla, cimene eni ace a ku Japan amati Gojira.

Pa 1 March 1954 dziko la Amereka linaphulitsa bomba lalikuru pa zisumbu za Bikini m'nyanja ya Pacific, pofuna kuliyesa, ndipo mphamvu yace inaposa imene akatswiri anali kuyembekezera. Cakum'mawa kwa malowo kunali ngalawa ya asodzi a ku Japan, dzina lace Daigo Fukuryu Maru, ndipo m'menemo munali amuna 23. Iwo anaona kuwala kwakukuru kumadzulo, ngati kuti dzuwa lasokera poturukira. Patapita maora owerengeka phulusa loyera linayamba kuwagwera, iwo osadziwa kuti muli poizoni wa bomba. Pofika kwao anali odwala, khungu litapsa, tsitsi likusosoka. Mu September caka comweco mmodzi wa iwo, Aikichi Kuboyama, amene anali kugwira nchito ya wailesi m'ngalawamo, anamwalira. Nsomba zambiri zinatayidwa, ndipo anthu anayamba kuopa ndiwo imene anali kudya masiku onse. Kumbukiraninso kuti panali patangopita zaka 9 cigwereni mabomba pa Hiroshima ndi Nagasaki.

Mu November 1954 kampani ya Toho inaturutsa Gojira, kanema wotsogoleredwa ndi Ishiro Honda. Kodi mudziwa m'mene amayambira? Amayamba ndi ngalawa panyanja, kuwala kwadzidzidzi, ndi moto. Cilomboco cadzutsidwa pansi pa madzi ndi kuyesa kwa mabomba; cifika ku Tokyo, ciponda nyumba, cilabvula mpweya wotentha. Kenaka tiona m'cipatala modzaza anthu, dokotala alikuyeza mwana ndi makina ozindikira poizoni uja. Tsono munthu wa ku Japan amene anakhala pansi kuonera zimenezi sanali kuona buluzi wamkuru ai. Anali kuona zimene zinagwera abale ace. (Ndinaseka ndithu nditamva kuti m'kati mwa cilomboco munali munthu, Haruo Nakajima, atabvala cobvala colemera pafupi makilogalamu 100, namaponda tinyumba tocita kupanga.) Pamene kanemayu anaoloka kunka ku Amereka mu 1956, anamdula-dula, naikamo mzungu, Raymond Burr, ndipo mau ambiri onena za bomba anacotsedwa. Pamenepo mutha kuona nokha kuti odulawo anadziwa bwino cimene kanemayo anali kunena.

Koma amene anandiopsa koposa ndi Night of the Living Dead, wa George Romero, amene anaturuka mu 1968. Anamjambula kufupi ndi Pittsburgh ndi ndarama zocepa, wopanda mitundu, wakuda ndi woyera basi. Anthu 7 abisala m'nyumba ya pafamu, kunja akufa alikugogoda. Mukadayesa kuti amoyowo agwirizana, koma iai. Ben afuna kuti akhome matabwa pazitseko ndi pamazenera, akhale pamwamba. Harry Cooper aumirira kuti onse atsikire m'cipinda ca pansi pa nyumba. Akangana, alimbirana mfuti, ndipo nyumbayo igwa m'manja mwa akufa. Ben yekha ndiye apulumuka usikuwo, ndipo codabwitsa ncakuti apulumukira m'cipinda capansi comwe anali kucikana cija. Kutaca kufika amuna amoyo, amfuti, osaka mitembo yoyenda. Amuona pazenera, ndipo osafunsa kanthu amuombera pamphumi.

Amene anasewera ngati Ben anali Duane Jones, munthu wakuda. Romero ananena kuti anamsankha cifukwa anaposa onse pa kuyesedwa. Komabe caka cimeneco ndi comwe anaphedwa Martin Luther King, nkhondo ya ku Vietnam iri m'kati, ndipo oonera ambiri anaturuka m'kanema alikuganiza za dziko lao lomwe, osati za mitembo. Kwa ine, akufa aja sanandisowetse tulo. Anandisowetsa tulo ndi amoyo.

Nthawi zina mantha a m'kanema amafika ndi kwa olamulira omwe. Pa 20 November 1983 anthu oposa 100 miliyoni a ku Amereka anaonera The Day After pa wailesi ya kanema, yoonetsa mabomba alikugwa pa cigawo ca Kansas. Pulezidenti Ronald Reagan, amene anamuoneratu, analemba m'buku lace la tsiku ndi tsiku kuti anamsiya wokhumudwa kwambiri. Kanema payekha salembetsa pangano, koma tidziwa kuti mu 1987 Reagan ndi Mikhail Gorbachev anasaina pangano loononga mtundu wina wa mizinga yonyamula mabombawo.

M'zaka zotsatira, makanema ambiri anatembenukira ku matenda. Mu 28 Days Later, wa 2002, munthu adzuka m'cipatala napeza London iri zii, miseu yopanda munthu. Contagion, wa 2011, unali wa mliri wofalikira m'maiko. Ndipo mu 2020, sukulu zitatsekedwa kuno ndi kwina konse cifukwa ca Covid-19, anthu ambiri anamfunanso kuti amuonere kaciwiri.

Ndapempha aphunzitsi oyang'anira zosangalatsa kuti atipezere Gojira weniweni wa 1954, wosadulidwa uja, ndipo anena kuti ayesa. Mnzanga wa bulangete uja wanena kuti tsikulo adzakhala pa benchi ya kutsogolo.