Mgodi Wokwiriramo Phulusa la Uranium

M'dziko la Finland, kumpoto kwa Ulaya, pa cisumbu cochedwa Olkiluoto, anthu akhala akukumba mgodi kuyambira caka ca 2004. Mgodiwo ngwacilendo, pakuti sakumba kuti atulutse miyala ya mtengo wapatali ai. Akumba kuti akwiriremo cinthu. Dzina lace ndi Onkalo.

Pa cisumbuco pali nyumba zopangira magetsi ndi mphamvu ya uranium. Uranium ikagwira nchito zaka zingapo imafooka, ndipo amaicotsa. Koma phulusa lace silili ngati la nkhuni. Limatulutsa ceza cosaoneka ndi maso, copanda pfungo, cimene cipyoza thupi ndi kuononga magazi. Munthu woima pafupi nalo litangocotsedwa angafe msanga. M'phulusamo muli plutonium, imene ukali wace umacepa ndi theka cabe patapita zaka 24,000.

Poyamba phulusalo amalisunga m'maiwe a madzi zaka ngati 40 kuti lizizire. Pambuyo pace adzaliika m'migolo ya citsulo yokutidwa ndi mkuwa wocindikala masentimita 5, ndi kutsitsa migoloyo mamita oposa 400 m'thanthwe. Amuna a ku Mufulira ndi ku Nkana angaseke pomva kuya kumeneku, pakuti iwo amatsika kupambana apo. Koma eni ace sanafune kuya kokha: anafuna thanthwe lakale lolimba, losadutsa madzi ambiri. Mgolo uli wonse adzauzinga ndi dongo limene limafufuma likanyowa, nkutseka ming'alu.

Anasankha mkuwa cifukwa sucita dzimbiri msanga kumene kulibe mpweya. Komabe akatswiri ena a ku Sweden anatsutsa, nati ngakhale madzi opanda mpweya angadye mkuwa pang'onopang'ono. Funso lao linali loyenera, popeza migoloyo iyenera kukhala zaka 100,000.

Cifukwa cace kampani yokumba siloledwa kudziweruza yokha. Bungwe la boma lochedwa STUK linayamba lapenda mapulani onse, ndipo boma linapereka cilolezo comangira m'caka ca 2015. M'caka ca 2024 anayesa makina ao ndi migolo yopanda phulusa. Mgodi ukadzadzaza, patapita zaka ngati 100, adzatseka njira zonse ndi dongo, osasiyapo mlonda.