Linga Limene Linasanduka Chigono cha Ophunzira

Ambiri a ife timadandaula kuti nyumba zimene tigonamo pano pasukulu nzakalekale. Tsono tamvani za anzathu a ku Durham, kumpoto kwa Mangalande, amene agona m'nyumba ya zaka zoposa 900.

Nyumbayo ndi linga lamiyala lokhala pamwamba pa phiri, ndipo mtsinje wa Wear uzinga phirilo mbali zitatu. Analiyamba m'chaka cha 1072 molamulidwa ndi Mfumu William, imene inalanda dziko la Mangalande mu 1066. Mfumuyo inafuna kuopsa anthu akumpoto amene anali kuiukira, ndi kutsekereza nkhondo zochokera ku Scotland. Lingalo linakhala nyumba ya mabishopu a ku Durham, anthu amene analamulira ngati mafumu. Anali ndi asilikali awoawo, anaweruza milandu, nasula ndalama zawozawo.

Patapita zaka mazana ambiri ufumu wa mabishopu unatha. Yunivesite ya Durham inakhazikitsidwa mu 1832, ndipo mu 1837 inapatsidwa lingalo. Nsanja yaikulu, imene inali itasanduka bwinja, anaimanganso mu 1840 kuti mukhale zipinda za ophunzira.

Koma m'zaka za m'ma 1920 kunaoneka zoopsa. Makoma anayamba kung'aluka, ndipo mbali ina ya linga inali kutsetserekera kumtsinje pang'onopang'ono, popeza maziko ake anali padothi lofewa, osati pathanthwe. Anthu anasonkha ndalama, bungwe la Pilgrim Trust linathandizanso, ndipo m'zaka za m'ma 1930 katswiri wa zomangamanga, Oscar Faber, analimbitsa mazikowo ndi simenti ndi zitsulo. Pakadapanda ntchito imeneyo, bwenzi lero tikungomva mbiri yokha.

Mu 1986 bungwe la UNESCO linawerengera lingali, pamodzi ndi tchalitchi chachikulu choyandikana nalo, pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Ngakhale zili tero, anyamata ndi atsikana oposa 100 agonabe momwemo, nadyera m'chipinda chachikulu chimene kale mabishopu anachereramo alendo awo.

Anzanga, malinga ambiri a nthawi imeneyo ku Mangalande ndi mabwinja lero, koma la ku Durham lilipobe chifukwa silinasowe anthu okhalamo ndi olisamala. Amene adzagona m'zipinda zathu ife titachoka adzapeza zimene tawasiyira. Tiganize kawiri tisanalembe maina athu pakhoma kapena kuswa zenera.