Mutu 7: Mpikisano wa chimangirizo cha m'Chiarabu m'sukulu za kumapulazi

Mawu otsogolera

Ngati mumaphunzitsa m'madera a mapulazi ku Mashonaland, monga cha ku Banket, Karoi, Mvurwi kapena Marondera, mwina mukudziwa kuti ana ena akaweruka salunjika kunyumba. Amayamba apita kumadrasa, kumene shehe amawaphunzitsa kuwerenga Korani m'Chiarabu, chimene ena amati Chiluya. Luso limeneli nthawi zambiri limathera pakhomo la mzikiti, m'kalasi mwathu sililowa. M'mutu uno tiona momwe mpikisano wolemba chimangirizo ungathandizire ana otere kufotokoza zimene amakhulupirira ndi makhalidwe amene amawalemekeza.

Zolinga

Pomaliza mutuwu muyenera:
- kufotokoza mbiri ya ana amenewa;
- kusiyanitsa kuwerenga Chiarabu ndi kulemba maganizo m'Chiarabu;
- kukonza mpikisano ndi kuchonga ntchito ya ana mosakondera.

Kodi ana amenewa ndi ayani?

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a fodya. Pakati pawo panali Achewa, amene anabweretsa gule wamkulu m'makomboni, komanso Ayao, amene ambiri anali Asilamu. Ambiri sanabwerere kwawo, anasanduka matchona. Mpaka lero gawo lalikulu la Asilamu a ku Zimbabwe ndi zidzukulu za anthu amenewa.

Moyo wawo sunali wophweka. Ankanyozedwa ndi mayina ngati "mabhurandaya", dzina lochokera ku mawu oti Blantyre, ndipo ankanenedwa kuti ndi anthu opanda mfunda. Kulandidwa kwa mapulazi kumene kunayamba mu 2000 kunachititsa mabanja ambiri kutaya ntchito ndi pokhala, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri ngati alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira yoti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC akhale nzika, komanso anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

N'chifukwa chiyani tikukumbutsana zonsezi? Chifukwa mwana amene wakula akumva kuti kwawo si kuno amaphunzira kubisa. Amabisa chiyankhulo cha agogo ake, nthawi zina amabisanso dzina lake la kumadrasa. Mukamufunsa kuti, "Iwe umakhulupirira chiyani?" mwina ndinu munthu woyamba kumufunsa zimenezo pasukulu.

Zimene ena anachita

Maganizo amenewa si atsopano. Kuyambira 1951 mpaka 1955, mtolankhani wa ku America, Edward R. Murrow, ankayendetsa pulogalamu ya pawailesi yotchedwa This I Believe. Anthu otchuka ndi anthu wamba ankawerenga nkhani zazifupi zonena za mfundo zimene zimawatsogolera pamoyo. Mu 2014, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za masukulu aukachenjede inachititsa nawo mpikisano wotchedwa Many Languages, One World. Ophunzira ankalemba m'chimodzi mwa ziyankhulo 6 za bungweli, kuphatikizapo Chiarabu, koma chosakhala chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Opambana anali 60, khumi pa chiyankhulo chilichonse.

Apa tikutolapo zinthu ziwiri. Choyamba, nkhani ya chikhulupiriro imakoma ikakhala yaifupi ndiponso ya mwini wake. Chachiwiri, munthu angathe kunena za mumtima mwake m'chiyankhulo chongophunzira.

Kuwerenga si kulemba

Tinene zoona, apa ndiye pali vuto. Mwana wa kumadrasa amadziwa malembo 28 a Chiarabu, amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo amatha kulakatula ndime zazitali pamtima. Koma kulakatula n'kwina, kupanga chiganizo chakechake n'kwinanso. Mukangolengeza kuti "lembani tsamba lathunthu m'Chiarabu", ambiri adzakopera zimene analoweza, ena adzakalembetsa kwa akuluakulu. Mudzalandira mapepala okongola, koma mwanayo mulibemo.

Nanga titani? Tiyambire pamene mwana waima. Mpatseni mawu amodzi a Chiarabu amene amawamva kawirikawiri, monga awa:
- *amana*, kusunga chimene wina wakudalira nacho;
- *sabr*, kupirira;
- *sidq*, kunena zoona;
- *sadaqa*, kupereka mwachifundo. Mawu athu aja oti sadaka anachokera pamenepa.

Kenako mufunseni kuti, "Ndi tsiku liti limene mawu amenewa anakuvuta kuwatsata?" Tiyerekeze mtsikana wa Giredi 7 amene amayi ake anamusungitsa ndalama za kuchigayo tsiku limene anzake ankagula mandasi, iye ali ndi njala. Akalemba zimene zinkayenda m'mutu mwake ndi zimene anachita, wafotokoza *amana* bwino kuposa amene walemba kuti "kukhulupirika n'kwabwino" kakhumi.

Kakonzedwe ka mpikisano

1. Kambiranani ndi ahedi, komiti ya sukulu ndi ashehe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo ayenera kudziwa kuti cholinga ndi kulemba, osati kutembenuza mwana wa wina.
2. Tsegulani mpikisano kwa ana onse. Mwana wa Chikhristu kapena wa m'banja la gule wamkulu alembe pamutu womwewo m'Chishona, m'Chichewa kapena m'Chingerezi.
3. Gawo la Chiarabu likhale ndi magulu awiri. Oyamba kumene alembe mutu ndi mawu ofunika m'Chiarabu, nkhani yonse m'chiyankhulo chimene amachidziwa bwino. Odziwa kwambiri alembe ziganizo 8 mpaka 12 m'Chiarabu, n'kuika tanthauzo lake pansi.
4. Ana ayambe afotokozera mnzawo pakamwa, kenako alembe. Kulemba kuchitikire pasukulu, inu mukuona.
5. Sankhani tsiku lowerenga nkhanizo pagulu. Tsiku la Chiarabu padziko lonse ndi 18 Disembala, pokumbukira kuti tsiku limeneli mu 1973 United Nations inavomereza chiyankhulochi. Popeza sukulu zimakhala zitatsekera, mungachite mwambowu sabata yomaliza ya teremu yachitatu.

Kachongedwe

Mwina mukuti, "Koma ine Chiarabu sindichidziwa." Musadandaule. Gawanani ntchito: ashehe aone kalembedwe ka malembo ndi kamangidwe ka ziganizo, inu muone maganizo pogwiritsa ntchito tanthauzo lija. Pa malikisi 20, mungapereke 8 pa nkhani yeniyeni imene mwana wafotokoza, 6 pa kusanja bwino maganizo, ndi 6 pa chiyankhulo. Pamapepala lembanipo manambala, osati mayina.

Chenjezo lalikulu ndi ili: mukuchonga chimangirizo, simukuchonga chikhulupiriro. Mwana amene walemba kuti kusala m'mwezi wa Ramadani kunamulemera, mpaka tsiku lina anamwa madzi mobisa, asalandidwe malikisi chifukwa chonena zoona. Gwirizanani zimenezi ndi ashehe mpikisano usanayambe. Ndiponso musawerenge pagulu nkhani ya mwana asanavomere yekha, chifukwa ena adzalemba za njala, za kusowa chitupa kapena za imfa ya makolo.

Ntchito 1

Lembani ziganizo 10 zofotokoza tsiku limene inuyo munavutika kutsata khalidwe limene mumalilemekeza. Kodi n'chiyani chinakuvutani polemba? Mungamuthandize bwanji mwana amene wakumana ndi vuto lomwelo?

Ntchito 2

Kholo lina labwera kudzadandaula kuti sukulu yayamba kuphunzitsa Chisilamu. Lembani zimene mungaliyankhe, ndipo mukakambirane ndi aphunzitsi anzanu pamsonkhano wotsatira.

Kuomba mkota

M'mutu uno taona kuti ana ambiri a kumapulazi amabwera ndi luso la Chiarabu limene sukulu siliona. Taonanso kuti mpikisano wabwino umayambira pa mawu amodzi ndi nkhani imodzi yoona, umalandira ana a zipembedzo zonse, ndipo umachonga kalembedwe, osati chikhulupiriro.