Mmene Chomera Chovulala Chimachulukitsira Mankhwala Ake

Akuluakulu anati mankhwala a utsi ndi kuthawa. Mwambi umenewu ukomera munthu ndi nyama, pakuti ali ndi miyendo. Koma chomera chikagwidwa ndi mbozi kapena matenda, chilibe kothawira. Chida chake ndicho kuwawa ndi ululu wa m'masamba, m'khungwa ndi m'mizu. Zina mwa zowawazo akatswiri amazitcha ma-alkaloid, dzina limene Carl Meissner anapeka m'chaka cha 1819. Kwinini wa m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, morphine wa m'chomera cha poppy ndi chikonga cha m'fodya, zonsezi ndi za fuko limodzi. Chimene ife titcha mankhwala, kwa mwini wake ndi mkondo.

Tsono kusula mkondo wotere kumadya chuma. Alkaloid aliyense afuna nayitirojeni, yemweyo amene chomera chikadakulira naye ndi kubala mbewu. N'chifukwa chake zomera zambiri zimasunga ululu wapang'ono pa nthawi ya mtendere, ndi kuuchulukitsa pokhapokha mfuu itamveka.

Mfuuyo imayenda motere. Tsamba likalumidwa, mafuta ena a m'maselo ovulalawo amasandulika, m'mphindi zowerengeka, kukhala mthenga wotchedwa jasmonic acid. Dzinali lichokera ku duwa la jasmine, limene m'mafuta ake onunkhira munapezeka m'bale wake wa mthengayu m'chaka cha 1962. M'selo lililonse muli malangizo a chibadwa a kapangidwe ka ululu, koma pakhomo pake pamakhala alonda, ndiwo mapuloteni otchedwa JAZ, amene anadziwika m'chaka cha 2007. Mthenga akafika, alondawo amaphwanyidwa, khomo limatseguka, ndipo ntchito yopanga alkaloid imakula.

Umboni wake unaoneka mu 1992 ku Munich, m'dziko la Germany, kumene Meinhart Zenk ndi anzake ankalera maselo a zomera m'mabotolo. Mwa zomerazo munali Rauvolfia, wa fuko limodzi ndi mtengo wathu wa mwimbi. Atathiramo mthenga yekhayo, popanda mbozi kapena bala, maselo anachulukitsa mankhwala ake monga ngati mdani wafika. Kotero kunadziwika kuti selo limamvera uthenga, ngakhale bala lisanalikhudze.

Chitsanzo cha pafupi ndi fodya. Chikonga sichipangidwa m'tsamba ayi, koma m'mizu. Ian Baldwin anaonetsa ndi fodya wa kuthengo wa ku America kuti tsamba likavulala, uthenga umatsikira kumizu, mizu imachulukitsa chikonga, ndipo patapita masiku ochepa chimakwera ndi madzi kunka kumasamba. Mlimi wa ku Kasungu akadula nsonga ya fodya asanachite maluwa, masamba amakula ndi kulemera, komanso chikonga chake chimawonjezeka; chimodzi mwa zifukwa zake ndi bala lomwelo.

Kodi nzeru imeneyi ipindulanji kwa odwala? Taonani kaduwa ka ku Madagascar kotchedwa Catharanthus roseus, koyera kapena kofiirira, kamene ambiri amabzala pakhomo. Mu 1958 Robert Noble ndi Charles Beer a ku Canada analengeza za vinblastine wochokera m'masamba ake, ndipo posakhalitsa panapezekanso vincristine, amene achiza khansa ya m'magazi ya ana. Vuto ndi lakuti pafunika masamba ouma makilogalamu mazanamazana kuti papezeke galamu imodzi yokha. M'chaka cha 2000, akatswiri a ku Leiden, ku Netherlands, anapeza puloteni ya ORCA3, imene imamva mthenga uja ndi kudzutsa njira yopangira ma-alkaloid m'duwali. Kuyambira pamenepo ambiri ayesa kuopseza maselo mwadala kuti abale mankhwala ochuluka.

Koma tisaganize kuti kuzunza chomera kulikonse kupindulitsa. Chilala chapang'ono chingawonjeze ukali wa masamba ena. Chilala chachikulu chimafooketsa chomera kufikira chileka kukula ndi kupanga zonse.

Phunziro limene mphunzitsi ayenera kutengera ana ake ndi ili: mphamvu ya mankhwala a zitsamba siikhala yofanana masiku onse. Mitengo iwiri ya mtundu umodzi, wina wa m'dambo wosakhudzidwa, wina wa pamtunda wodyedwa ndi tizilombo, ingasiyane ukali ngakhale makungwa ake aoneke chimodzimodzi. Muyeso umene unathandiza chaka chatha ungathe kupweteka chaka chino. Ichi ndicho chifukwa opanga mankhwala a kuchipatala amayenga alkaloid ndi kumuyesa pa sikelo asanafike kwa wodwala. Ana aphunzitsidwe kulemekeza mitengo ya mankhwala ndi kuisunga, komanso kusalawa tsamba, khungwa kapena muzu umene sadziwa mphamvu yake.