Tisanalowe Mumsewu ndi Ng'oma: Zimene Lamulo Limanena pa Perete

Chaka chilichonse pali masiku amene achinyamata a mpingo wathu amatuluka m'kachisi n'kulowa mumsewu. Sabata lachitatu la Malichi ndi Global Youth Day, Sabata lachinayi la Ogasiti kuli ndawala za enditnow zotsutsa nkhanza, ndipo mu Seputembala ma Pathfinder amavala yunifolomu n'kumaguba ng'oma zikulira. Pokonzekera masiku amenewa, m'komiti simulephera kupezeka wina wofunsa kuti, "Nanga chilolezo cha apolisi tatenga?" Funsoli ndi labwino, koma lamulo la dziko lathu silikamba za chilolezo. Limakamba za kudziwitsa. Kusiyana kwa mawu awiriwa n'kofunika kukumvetsa, makamaka kwa ife amene mawa tidzakhala aziphunzitsi, abusa ndi atsogoleri a achinyamata m'maboma ngati Mchinji.

Tiyambire pa Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994. Gawo 38 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita zionetsero, bola zikhale zamtendere ndiponso zopanda zida. Ufulu umenewu sachita kupatsidwa ndi bwanamkubwa kapena mkulu wa apolisi. Munthu ali nawo kale. Mu 2002, mkangano woti pulezidenti aloledwe kuimanso kachitatu uli mkati, Pulezidenti Bakili Muluzi analetsa zionetsero zonse zokhudza nkhaniyi. Bungwe la maloya la Malawi Law Society, mogwirizana ndi Episcopal Conference of Malawi ndi Malawi Council of Churches, linapita ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndipo bwalo linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko. Onani kuti mipingo inali m'gulu la amene anateteza ufuluwu.

Komabe msewu ndi wa anthu onse. N'chifukwa chake lamulo la apolisi la 2010 linaika ndondomeko yoti itsatidwe. Gawo 96 limati amene akuitanitsa msonkhano kapena ndawala ya pamalo a anthu onse alembe kalata yodziwitsa bwanamkubwa wa bomalo, ndipo kope la kalatayo lipite kwa mkulu wa polisi ya m'deralo. Kalatayo isafike mochedwa kuposa maola 48 tsikulo lisanakwane, komanso isafike msanga kuposa masiku 14. Ku Mchinji ndiye kuti kalata imapita ku ofesi ya DC pa Boma, kope lake n'kupita kupolisi.

Apa ife osunga Sabata tiyenera kuwerengera masiku mosamala. Perete wathu nthawi zambiri amachitika Loweruka, tsiku limene maofesi a boma amakhala otseka. Kalata yoperekedwa Lachisanu m'mawa yachedwa kale, chifukwa maola 48 sakukwana. Nzeru ndi kukapereka kalata Lolemba la sabata yapitayo kapena kuchiyambi kwenikweni kwa sabata imene muli pereteyo, kuti ngati pangafunike kukambirana, nthawi ikhalepo dzuwa la Lachisanu lisanalowe.

M'kalatamo mumalembedwa dzina la woitanitsa ndi wachiwiri wake, kumene amakhala ndi mmene angapezekere, dzina la bungwe kapena mpingo, cholinga cha ndawala, tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, komanso chiwerengero cha anthu amene akuyembekezeka. Pamafunikanso kutchula anthu osungitsa bata amene mwawasankha pakati panu. Ngati ndi perete woyenda, njira yake ilembedwe yonse: kumene mudzasonkhane, misewu imene mudzadutse, ndi kumene mudzabalalikire. Ngati padzakhala galimoto yonyamula zokuzira mawu kapena madzi akumwa, itchulidwe. Ndipo ngati muli ndi chikalata choti mukapereke kwa akuluakulu, nenani kuti chikaperekedwa kuti ndiponso kwa yani.

Mukapereka kalata, onetsetsani kuti kope lanu ladindidwa ndipo palembedwa tsiku ndi nthawi imene ailandira. Chidindo chimenechi si mwambo chabe. Lamulo limati bwanamkubwa akakhala chete kwa maola 48 atalandira kalata, osachitapo kanthu, woitanitsa ali ndi ufulu wopitiriza monga analembera. Popanda chidindo, mudzasowa umboni woti munadziwitsa pa nthawi yake.

Bwanamkubwa akalandira kalata amakambirana ndi apolisi, ndipo akaona kuti n'kofunika amaitana woitanitsa kuti akhale pansi. Pa zokambiranazi njira ikhoza kusinthidwa, nthawi ikhoza kusunthidwa, kapena mukhoza kupemphedwa kuonjezera osungitsa bata. Kuletseratu ndawala kumafuna chifukwa chomveka, monga kuopsa koti anthu avulala, katundu aonongeka, kapena magalimoto asokonezeka kwambiri moti apolisi sangathe kuthana nazo. Amene sanakhutire ndi chiletso ali ndi mwayi wopita ku Bwalo Lalikulu la Milandu. Palinso malo amene lamulo linawatchinjiriza mwapadera. Gawo 103 limaletsa zionetsero pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, nyumba za boma zokhalamo pulezidenti ndi mabwalo a milandu, pa mtunda wosapitirira mamita 100, pokhapokha eni ake a malowo atavomereza. Pa Boma la Mchinji pali bwalo la majisitireti, choncho wokonza njira ayenera kulikumbukira.

Wina anganene kuti, "Zonsezi n'zandale, ife tikungoguba ndi ana." N'zoona kuti malamulowa amatchuka kwambiri pa nthawi ya zionetsero zandale. Ambiri timakumbukira 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa, komanso zionetsero za 2019 zotsatira chisankho cha pa 21 Meyi. Koma thiraki yodzaza ndi katundu siisiyanitsa ndawala yandale ndi ya mpingo. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa pa Waliranji, pa Kamwendo ndi pa Boma mpaka kukafika kumalire ndi Zambia. Ndi msewu wa mathiraki, mabasi, maminibasi ndi akabaza. Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene cholinga chake ndi choti anthu ndi katundu aziwoloka mofulumira. Kulowetsa ana 100 mumsewu wotere popanda wapolisi woimitsa magalimoto kutsogolo ndi kumbuyo n'kuika moyo wawo pachiswe. Ndawala ngati ya enditnow, yonyamula zikwangwani ndi uthenga wopita kwa anthu ndi akuluakulu a boma, ndiyo imafanana kwambiri ndi zimene lamulo likunena. Choncho kalata ilembedwe, kaya pereteyo ndi wa chikondwerero chabe.

Kusaina kalatayo kulinso ndi katundu wake. Gawo 106 la lamulo lomweli limati ngati pa msonkhano kapena zionetsero pabuka chipolowe katundu n'kuonongeka, woitanitsa ndi bungwe lake akhoza kulipitsidwa, pokhapokha ataonetsa kuti iwo sanachititse ndipo anachita zonse zotheka kuti zimenezi zisachitike. N'chifukwa chake sibwino kuti wachinyamata mmodzi angolemba dzina lake payekha. Nkhaniyi idutse ku bodi ya mpingo, abusa adziwe, ndipo osungitsa bata akhale anthu akuluakulu amene ana amawamvera. Kukadziwitsa mfumu ya dera limene mudzadutse ndi ulemu umene umathandiza kwambiri, ngakhale kuti sikulowa m'malo mwa kalata ya kwa DC.

Popeza Mchinji ndi boma la m'malire, pali chinthu china choyenera kudziwa. Abale athu a ku Chipata ndi a ku Mwami, kumene kuli chipatala cha mpingo wathu, timayankhula nawo chinenero chimodzi ndipo timayenderana pa misonkhano. Koma kalata yodindidwa ku Mchinji ilibe mphamvu mukangodutsa chipata. Zambia ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Lamulo lake la Public Order Act, la m'nthawi ya atsamunda mu 1955, linkafuna kuti munthu atenge chilolezo kupolisi. Mu 1996, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake, Bwalo Lalikulu la Apilo la dzikolo linagamula kuti kufuna chilolezo chotero kunali kuphwanya ufulu wa anthu. Lamulolo linasinthidwa n'kuyamba kufuna kuti apolisi azidziwitsidwa kutatsala masiku 7. Taonani kusiyana kwake: kuno kalata imapita kwa bwanamkubwa ndipo maola 48 ndi okwanira, pamene kutsidyako anaika apolisi ndi sabata yathunthu. Ngati perete ndi wa mipingo ya mbali zonse ziwiri, eni ake a mbali imene mudzagubeyo ndiwo akaonane ndi akuluakulu a kwawo, ndipo ayambe msanga.

Tsiku la perete likafika, woitanitsa anyamule kope lodindidwa lija m'thumba. Gulu liyende m'mbali imodzi ya msewu, ana aang'ono akhale pakati, ndipo njira ikhale yomweyo imene inalembedwa m'kalata. Woimba ng'oma akaganiza zokhotera kumsika chifukwa kuli anthu ambiri oonerera, osungitsa bata amubweze, pakuti apolisi aika anthu awo motsata njira imene munagwirizana. Nthawi yomaliza ikakwana, balalikani, msewu ubwerere kwa akabaza, amalonda ndi madalaivala amene anadikira moleza mtima kuti ana athu adutse.