Kodi mumadziwa? Ndodo ya agogo ili ndi kwawo

Kodi mumadziwa kuti ndodo yabwino sadula tsiku limene bondo layamba kuwawa? Mtengo wauwisi ukauumitsa mothamanga umang'aluka, ndipo suchedwa kufumbwa. Odziwa ntchitoyi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadula m'chilimwe, n'kuusomeka kutsindwi kwa khitchini kuti uume pang'onopang'ono ndi utsi. Pomautsitsa umakhala utada bii ndi mwaye, koma uli gwa.

Nanga mumadziwa kuti wokhota amauwongola ndi moto? Amauwamba ukadali wauwisi ndi khungwa lake mpaka thovu litayamba kutuluka kumapeto, kenako amaulowetsa paphanda la mtengo n'kumaukankha mosamala. Ukazizira umakhala momwemo. Chogwirira chopindika ngati cha ambulera amachipanga chimodzimodzi, n'kuchimanga ndi luzi kuti chisabwerere. Zotsalazo ndi za mpeni ndi phale la botolo losweka, limene limapala mtengo mpaka kusalala see.

Kodi mumadziwa kuti mutu wa chibonga kawirikawiri umachokera pansi panthaka? Ndi tsinde pomwe payambira mizu. Wofuna chibonga amakumba kamtengo konse, n'kusema chibulumwacho ndi kasemasema. Apa ndiye pali nkhani. Mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu, monga mlombwa ndi tsamba, imatha zaka ikukuza mizu, pamene pamwamba moto wolusa ukungopsereza mphukira chaka ndi chaka. Kamtengo konenepa ngati chala chachikulu kangakhale ndi muzu wakale kuposa mwana amene akukadutsa popita kusukulu. Kukazula n'kupha zaka zonsezo. Koma kudula mphukira imodzi pachitsa chimene chaphukira zisanu sikupha kanthu. Zotsalazo zimakula bwino. Ine ndimaona kuti mmisiri weniweni amadziwika pamenepa, osati pa zokongoletsa za pachogwirira.

Kodi mumadziwa kuti nkhalango ya Ntchisi inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1924? Pamwamba pa phirili, lomwe ndi lotalika mamita oposa 1,600, pali nkhalango yowirira yosayoyola masamba, momwe nchima zimalumpha m'nthambi, ndipo m'munsi mwake ndi mwa mombo, tsamba ndi masuku. M'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'menemo pobisalira nkhondo za Angoni. Zidzukulu za Angoniwo, monga za kwa Chiwere ku Dowa, zimanyamulabe chibonga ndi chishango, koma pa ingoma basi.

Chenjerani: kutola sikuba, koma m'nkhalango ya boma mawuwo sakupulumutsani. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, limafuna chilolezo musanatulutsemo mtengo. Komabe tinene zoona, amene ameta mapiri a Dowa si wodula ndodo. Ndi makala, mauvuni a njerwa ndi zigafa za fodya.

Nanga mtengo wa ndodo ndi uti? Muwanga ndi wolimba kwambiri moti chiswe chimaulambalala, koma umabunthitsa mpeni. Mlombwa, uja umatuluka utomoni wofiira ukautema, umasemeka bwino ndipo sulemera. Nsungwi ndi yopepuka, yabwino paulendo wautali. Bulugama ndi wa wofulumira.

Ndiye pali phingo. Kodi mumadziwa kuti mtima wake wakudawo ndi wolemera kwambiri moti umamira m'madzi? Mtengowu umakonda malo otentha, kutsika cha ku Salima, ndipo ndi womwewo umene ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe. Kuyambira mu 2017 malonda ake kunja kwa dziko ali pansi pa pangano la CITES. Ndodo yakuda ya pamsika wa ziboliboli muyambe mwaikanda ndi chikhadabo: zina ndi mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato.

Kodi mumadziwa kuti m'manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, amene Howard Carter anawapeza mu 1922, munali ndodo pafupifupi 130? Mfumuyo inamwalira isanakwane zaka 20, ndipo mtembo wake unaonetsa kuti phazi linali lolumala. Kwathu kuno Ngwazi Kamuzu Banda sankaoneka pagulu opanda ndodo ndi litchowa. Ndodo ya mfumu imalankhula isanagunde pansi.

Ndodo yoyera ya anzathu osaona ili ndi tsiku lake, 15 October. Imeneyo ntchito yake si kutsamira, ndi kufufuza njira, n'chifukwa chake imakhala yaitali ndi yopyapyala. Woyendetsa galimoto kapena kabaza akaiona achepetse liwiro.

Ndipo kodi mumadziwa kuti ambiri amagwira ndodo yotsamira ndi dzanja lolakwika? Ngati likuwawa ndi bondo lakumanja, ndodo ikhale kumanzere, izipita kutsogolo limodzi ndi mwendo wodwalawo. Kutalika kwake: imani chilili, manja ali lende, chogwirira chifike pamfundo ya dzanja. Ikatalika imatopetsa phewa, ikafupika imaweramitsa msana. Kunsi kwake khomeraniko kachidutswa ka tayala lakutha, chifukwa dothi lakatondo la ku Ntchisi likanyowa limaterera, ndipo simenti ya pakhonde la chipatala imaposa pamenepo.